Che Bwanali ndi Nsomba za Dona

Dzulo tinachita sadaka ya masiku makumi anayi ya apongozi anga, Che Bwanali. Anthu atabalalika, shehe atakwera njinga yake kubwerera ku Ntaja, tinatulutsa katundu wa malemu pabwalo kuti abale agawane. Sanali katundu wochedwetsa anthu: mikanjo iwiri, khasu, mpeni, ndi kathumba kachikopa. M'kathumbamo munali kachitini ka mkaka koboola pansi ndi msomali, ndi njere za bwemba zosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa. Adzukulu anaseka kuti agogo ankasunga zinyalala. Ine ndinapempha kuti zinyalalazo zikhale zanga, ndipo palibe anandikaniza.

Chiyambire dzulo mtima wanga sukukhazikika. Ndatsala ndekha wodziwa ntchito ya kachitiniko, ndiponso wodziwa nkhani ina imene ndakhala nayo pakhosi zaka zambiri. Ndikuilemba chifukwa apongozi anga aakazi, Abiti Sale, sawerenga.

Che Bwanali anali munthu wamtali, woonda, wa nkhawa zosatha. Mvula ikagwa ankada nkhawa ndi denga, ikaleka ankada nkhawa ndi chimanga. Koma chimene anthu ankawadziwira ndi madzi. Sankadutsa madzi osawagwira. Kaya ndi m'ndowa, kaya pachithaphwi, kaya mumtsuko wa eni ake pa ukwati, ankapinda mkono wa mkanjo n'kuviika chigongono. Ankati dzanja la munthu wolima ndi labodza, linafa kale ndi mpini wa khasu, koma chigongono sichinama. Ana ankawatsanzira kumbuyo, akuluakulu n'kumawatchula sing'anga wa nsomba. Iwo sankaseka nawo, sankakwiyanso.

Ndinawadziwa nditakwatira mwana wawo Asiyatu n'kukakhala chikamwini pa esiteti ina ya thonje ndi fodya kumadzulo kwa Balaka. Malowo anali a makolo a Abiti Sale, manda a amayi awo ndi agogo awo anali pomwepo, koma mzungu anali atayeza kalekale n'kunena kuti ndi pake. Tinkakhalapo mwa thangata: mwamuna ugwire ntchito ya Bwana kuti banja lako lisachotsedwe. Aliyense ankaopa kapepala kamodzi kotchedwa notisi. Kakafika pakhomo, unkasasula denga n'kumapita. Che Bwanali ankasamala maluwa kunyumba kwa Bwana, ine ndinkatunga madzi a nyumba yomweyo.

Nsomba za Dona, mkazi wa Bwana, zinabwera pa sitima mpaka pa siteshoni ya Balaka, m'chimgolo chophimba. Zinali khumi ndi ziwiri, zofiira ngati papaya wakupsa, ndipo Dona anazimangira kadziwe kasimenti kutsogolo kwa khonde. Mudzi wonse unadabwa kumva kuti sizodya, n'zongoyang'ana. Akuti zinali za mwana wake wamkazi amene anamwalira ndi malungo. M'mawa uliwonse Dona ankaima pamenepo ndi kapu ya tiyi n'kuziwerenga ndi chala. Anaziika m'manja mwa Che Bwanali, ndipo kuyambira tsikulo malo athu onse, munda ndi manda omwe, anatsamira pa tinsomba tosakwana ndiwo za ana awiri.

Iwo anandifotokozera kuti chaka choyamba, m'mwezi wa Juni, anazipeza m'mawa zitangogona pansi pa dziwe. Timakutu ta m'mbali mwa mutu, tomwe nsomba imapumira, tinkangotseguka mwa apo ndi apo. Anaona notisi ili m'njira. Anakhala chonyonyomala mpaka dzuwa linakwera, ndipo madzi atafunda nsomba zinayamba kupuma mofulumira ndi kuyendayenda. Mawa lake chimodzimodzi. Munthu wina akanangoyamika Mulungu n'kuiwala, koma munthu wa nkhawa safuna kudzidzimutsidwa kawiri. Anatola kachitini ka mkaka kudzala, n'kukaboola.

Kawerengedwe kawo kanali kotere. Ankadzaza kachitini ndi madzi n'kukapachika pa kamtengo. Madzi akamatuluka pa kabowo, iwo maso ali pa nsomba imodzi, akupinda chala nthawi iliyonse timakutu tikatseguka. Zala khumi zikatha, ankaponya njere imodzi pansi n'kuyambiranso. Kachitini kakauma, ankawerenga njere. M'mawa wa Juni zinkakhala zinayi kapena zisanu. Masana a Okotobala zinkafika khumi. Wotchi analibe, sukulu sanapiteko, koma ankadziwa kuti madzi akamatentha nsomba imapuma mothamanga pamene mpweya m'madzimo ukuchepa. Ankati nsomba si munthu. Munthu wogona duu ndiye wodwala, koma nsomba yopuma mochedwa ili pa mtendere, yothamanga ndiye ili pa moto.

Poyamba ankawerengera pa mikanda yopempherera. Shehe wa pa esiteti atamva, anawadzudzula pamaso pa anthu pakhomo pa mzikiti, kuti mikanda ya dzina la Mulungu asaisandutse yowerengera ziweto za mzungu. Che Bwanali anayankha kuti mpweya wa nsomba nawonso mwini wake ndi Mulungu yemweyo. Anakangana mpaka anthu kuwaleretsa. Pomaliza anagonja n'kutola njere za bwemba, koma kwa chaka chathunthu ankapemphera pa mzere wakumbuyo, ndipo moni wa shehe ankauyankha ngati akumeza mankhwala.

Kunyumba nkhani za nsomba zinali zoletsedwa. Abiti Sale ankati amuna awo anakwatira mitala, mkazi wamng'ono ali m'dziwe la Dona. Akangoyamba kuti lero zapuma mwakuti, mayiyo ankanyamuka n'kukapeta mphale kuseri. Choncho zonse ndanenazi ankandiuza ine ndekha, pantchito, ndipo Abiti Sale sanamvepo ngakhale liwu limodzi.

Zaka zawo zomaliza anathera kuno kwa Mposa, kwawo kobadwira, pafupi ndi nyanja ya Chilwa. Anthu a kuno ankawadziwa ngati nkhalamba imene inataya malo abwino chifukwa cha nsomba zosadya. Asodzi ankawaseka, komabe nyanja ikaphwa, madzi n'kufunda, ankabwera mozemba kudzafunsa ngati nsomba za makumba ziyandame. Kudimba kwawo anakwirira mtsuko pansi pa mtengo wa mkuyu, n'kuufunditsa chiguduli chonyowa, ndipo mumtsukomo simunkasowa kansomba kamodzi. Kumudzi sankabwera nako. Ndipo m'mawa uliwonse, ngakhale m'chilimwe chowotcha, Abiti Sale ankawafunditsira madzi osamba monga achitira mkazi wolemekeza mwamuna wake. Sindinawamvepo akukana. Ankaviika chigongono, n'kunena zikomo, n'kulowa kubafa.

Tsopano ndinene za chaka cha njala yaikulu ija, mvula itadula pakati pa dzinja. Pofika Okotobala mitsinje inali mchenga wokhawokha. Bwana ndi Dona anathawira kutentha ku phiri la Zomba, n'kusiya lamulo kwa kapitawo wa esiteti, dzina lake Jemusi: nsomba asazigwire munthu, dziwe lizidzazidwa ndi madzi a m'thanki yachitsulo. Thankiyo inali padzuwa, madzi ake ofunda ngati ososolera nkhuku. Mtengo umene unkaphimba dziwe unali utayoyola masamba onse.

Njere zinayamba kuchuluka. Lolemba khumi, Lachitatu khumi ndi ziwiri. Loweruka Che Bwanali anawerenga kawiri, akuganiza kuti alakwitsa, ndipo kawiri konse zinali khumi ndi zinayi. Nsomba zonse zinali pamwamba, tikamwa tili yasa, zikumeza mpweya wakunja. Anapita kwa Jemusi kukapempha kuti atumize mthenga ku Zomba. Jemusi anakana, akuti sangavutitse Bwana chifukwa cha maloto a nkhalamba. Tonse tinkadziwa kuti iye ankasirira dimba la Abiti Sale la m'mbali mwa khwawa, ankafuna kupatsa mkazi wake wachiwiri. Nsomba zikafa, dimbalo linali lake.

Madzi anafika m'khosi. Kuzisiya m'dziwe, zifa zonse, notisi ibwera. Kuzichotsa, ndiye kuba katundu wa mzungu, notisi ibwerabe, mwina ndi unyolo womwe. Ine ndinawalangiza kuti tingotsata lamulo, zikafa mlandu ukhale wa amene analamula. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Apongozi, Dona sadzafunsa amene analamula," anatero. "Adzafunsa amene anaziona zikufa."

Lamulungu m'mamawa tinazinyamula m'ndowa ziwiri mpaka kumudzi. Che Bwanali anatenga mitsuko inayi ya Abiti Sale, anaikwirira mpaka m'khosi pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kuika nsomba zitatu mumtsuko uliwonse. Masiku amenewo amayi ankanyamuka tambala woyamba kukafukula madzi mumchenga wa mtsinje wa Rivirivi, n'kubwerako dzuwa lili pamutu ndi mtsuko umodzi. Abiti Sale atafika n'kupeza mitsuko yawo yakumwa ili m'dothi, mkazi mnzawo akusambira m'menemo, anatula madzi pansi bwinobwino, kenako anayankhula mawu amene sindingawalembe. Anati adzukulu akugona ndi ludzu, iwo akutha mapazi, kuti nsomba za mzungu zisambe. Che Bwanali anangoti malo ano akupuma m'mitsuko imeneyi. Kuyambira tsikulo mayiyo analeka kuwayankhula. Madzi ankabwera nawobe, koma ankawatula chagada, osayang'ana munthu.

Njere zinayamba kutsika. Khumi ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi, zisanu ndi ziwiri. Tsiku lililonse ankachotsako madzi pang'ono n'kuthiramo atsopano amene agona mumthunzi, akalewo n'kumwetsa mbuzi. Ziguduli zophimbira mitsukoyo ankazinyowetsa katatu pa tsiku. Jemusi anadziwa tsiku lomwelo kuti m'dziwe mulibe nsomba, koma sanabwere kudzalanda. Ankangotiseka pantchito, kudikira kuti tidzikole tokha. Ine ndinkadzuka mtima uli m'mwamba, chinthu choyamba kukasuzumira m'mitsuko ndisanasukusule. Masabata atatu anatha, zonse khumi ndi ziwiri zili moyo, ndipo tinamva kuti Dona abwera Lolemba.

Lachinayi kunacha ndi mitambo yonamiza ndi kamphepo kozizira. Tinapita kuntchito, koma ine ndinabwerera kudzatenga chingwe cha ndowa. Nditazungulira nyumba ndinapeza Abiti Sale atagwada pa mtsuko wakumapeto, m'manja muli mphika wofuka nthunzi.

Amene sanakhalepo chikamwini adzandiweruza msanga. Mkamwini sayandikira apongozi ake aakazi. Sawayang'ana kumaso, sawafuulira, ndipo kuwagwira dzanja ndi zosatchulika n'komwe. Mukakumana m'njira, wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndisanaimepo pafupi nawo. Miyendo yanga inachita zimene inazolowera: ndinaima patali, ndinanyonyomala, ndinayang'ana kumbali n'kuomba m'manja. Pamene ndinkasaka mawu aulemu oyambira, ndinkamva madzi akukhuthuka.

"Zazizidwa, apongozi," anatero chapansipansi, nawonso akuyang'ana kumbali. "Ndazipeza zangogona pansi, kupuma kwake kochita kusakasaka, ngati mwana wa malungo. Mtsuko ndaugwira uli zii. Koma musawauze kuti ndazithandiza, angayambe kunyada."

Anali madzi awo osamba a sabata yonse, ndi nkhuni zawo zomaliza. Atatha masabata atatu osayankhula, iyi ndiyo inali njira yawo yopepesera. Anachita zimene mayi aliyense amachitira wodwala ndi mlendo wolemekezeka. Mumtsuko nsomba zinayamba kuthamanga uku ndi uku, ndipo iwo anaseka pang'ono n'kunena kuti taonani, zadzuka. Anadandaula kuti madzi a mitsuko itatu inayo alibe.

Ndinathamanga mpaka ku esiteti chingwe ndili nacho m'manja. Pobwerera ndi Che Bwanali tinapeza zitatu zija zitayandama chammbali. Abiti Sale anali atakhala pansi, manja ali pamutu, akungobwereza kuti achedwa, akanabwera kukadali m'mawa. Che Bwanali anapinda mkono wa mkanjo n'kuviika chigongono. Anayang'ana mphika uja, anayang'ana ine. Ndinadikira kuti thambo ligwe.

"Mwachita bwino, Abiti," anatero. "Izi zinali zitadwala kale. Zinazi musavutike nazo, ndaziikira mankhwala osayenderana ndi moto."

Amati chifundo chidapha nkhwali. Ine ndinachiona ndi maso chikupha nsomba zitatu, ndipo ulemu wanga unathandizira.

Masiku atatu otsatira ndinawachonderera kuti akauze Dona zoona zake. Ndinati mzungu wamkazi akamva kuti mayi wokalamba anafunditsira nsomba madzi chifukwa cha chisoni, mwina aseka, mwina amva chifundo. Zisanu ndi zinayi zapulumuka, pamene m'dziwe zikanafa zonse. Tinakangana kumunda wa maluwa, ndipo kanali koyamba ndi komaliza kuti ndiwakwezere mawu. Ndinawauza kuti ana anga nawonso adzachotsedwa. Anasewera ndi njere m'manja.

"Mwina akhululuka, mwina ayi," anatero. "Akapanda kukhululuka, mudzi wonse udzati Abiti anaphika manda a amayi ake mumphika. Adzakhala nazo mpaka kufa. Ine ndine mlendo pano, apongozi, ngati inu. Mlendo akalakwa anthu sadabwa."

Lolemba Dona anaima pa dziwe n'kuwerenga ndi chala. Anawerenganso. Jemusi anali atamuuza kale kuti nkhalamba inaba nsomba n'kudyako zitatu chifukwa cha njala. Dona sanakhulupirire zodyazo, ndinaona pankhope pake. Anafunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti anazigwira ndani, zinafa bwanji. Ndinali chapafupi ndi ndowa zanga, lilime likundiyabwa. Che Bwanali anavula chisoti n'kunena kuti ndi iwo, analakwitsa madzi. Dona anafunsanso ngati panalibe wina. Anati iyayi, panalibe. Dona analowa m'nyumba akulira, ndipo Lachisanu notisi inafika, ya nyumba yawo ndi yanga.

Alongo a Abiti Sale anawauza kuti amusiye mwamunayo apite yekha, iwo atsale pa malo a makolo. Anakana. Anafukula mitsuko yawo inayi, anakasesa pa manda a amayi awo komaliza, n'kutsatira amuna awo ulendo wa masiku atatu kudzera pa Liwonde ndi Nsanama, m'chaka cha njala. Mwana wanga wachiwiri sanafike chaka china. Sindinena kuti ndi chifukwa cha ulendowo, koma ndakhala ndikudzifunsa.

Kuno kwa Mposa akakangana, kaya ndi nkhani ya mbuzi kaya ya mchere, Abiti Sale ankamaliza ndi mawu omwewo, kuti munthu amene anataya dimba ndi manda chifukwa cha nsomba asawaphunzitse nzeru. Ine ndinkamva ndili pakhonde langa, magazi akuwira. Che Bwanali ankangoyang'ana pansi. Ndipo za kupuma kwa nsomba, za madzi ozizira ndi ofunda, sanazitchulenso pamudzi mpaka kufa. Munthu amene anakangana ndi shehe chifukwa cha nzeru imeneyi anakaibisa kudimba, kuopa kuti mkazi wawo angaimve n'kuphatikiza yekha.

Dzulo madzulo, katundu atagawidwa, ndinali nditakhala kuseri kwa nkhokwe ndi kachitini kaja. Ndinamva mapazi a Abiti Sale akuima mbali inayo. Tonse takalamba tsopano, koma tikuyankhulanabe chotero, nkhokwe ili pakati.

"Mwatenga kachitini ka nsomba, apongozi," anatero. "Ndinkawanyoza nazo bambo aja, koma mlandu unali wanga. Tsiku lija ndinaziona m'mamawa kuti zazizidwa, ine n'kuyamba ndapita kumadzi chifukwa cha mkwiyo. Ndikanafulumira kufunditsa madzi aja, bwenzi tili kwathu."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinali ndi zaka zonse zija pa lilime, ndi mwana wanga yemwe. Ndinayang'ana kachitini.

"Munachita zimene mukanatha, amayi," ndinatero.

Lero m'mawa ndinapita kudimba. Njira yayamba kale kumera udzu. Pansi pa mkuyu mwala umene ankakhalira ulipo, ndipo patsogolo pake pali timaenje tiwiri pomwe zidendene zawo zinkaponda. Kamtengo kopachikapo chitini kadakali chilili. Chiguduli chauma gwaa, chagwira maonekedwe a mtsuko. Ndinachivundukula. Madzi atsala pansi penipeni, obiriwira, masamba a mkuyu ali pamwamba, ndipo kansomba mulibe. Adzukulu akuti agogo anakabweza kunyanja sabata imene anayamba kudwala. Ndinapinda malaya n'kuviika chigongono, ndipo madziwo anali ofunda.